Amp ya besi ya kwaya: Peavey yakale, Rumble ya ku Joni kapena ya 3000W ija?

Chikondi Besi: Moni nonse pagulu pano, madala ndi amayi. Ndabwera ndi nkhani ya amp ija tinayamba mwezi watha. Kwaya yathu kuno ku Lizulu yasonkha kandalama, ina ya Paper Sunday ina ya kachewere amene tinalima pamunda wa mpingo, nde akuti besi ikhale ndi amp yakeyake tsopano chifukwa zolowetsa besi mu mikisa limodzi ndi maiki zatikwana, ndikangogunda chingwe chachikulu chija masipika amasasa mawu ngati munthu wa chimfine ndipo a soprano amandicheukira ngati ndaba nkhuku. Zapezeka zitatu. Pali Peavey TNT 115 yakale, mwini wake ali ku Ntcheu boma akuti yangokhala pakona. Pali Fender Rumble 100 yomwe achimwene anga ku Joni akuti atha kuikweza basi. Nde pali ina ndinaiona m'sitolo ku Lilongwe, yatsopano m'katoni, yolembedwa 3000W, ndipo pa zitatuzi yotchipa ndi imeneyo. A komiti maso ali pa ya 3000 yo. Thandizeni nzeru ndisanaononge ndalama za anthu.

DJ Tsangano: 3000 basi aise, ukufunsanso chani? Ukagunda ku Lizulu azimva ku Mozambique kkkk

Nabanda Keys: Ku Lizulu Mozambique ndi tsidya la msewu, ngakhale kutsokomola amamva. Lankhulani zanzeru

aNgozo: Chikondi, tenga Peavey. Ine ndagunda besi kuyambira 1991, m'mabala, m'maukwati, m'misonkhano ya chitsitsimutso, ndipo TNT ndi bulu. Inagwapo pa lole yathu pa Kampepuza, tinaitola, kuipukuta fumbi, usiku womwewo inalira mpaka tambala woyamba. Zamasiku ano zopepuka ngati chikwama cha mwana wasukuluzi ine sindizikhulupirira.

Mmisiri Dedza: Tiyambe ndi ya 3000 yo kuti ichoke panjira. Chikondi unaitembenuza kumbuyo? Pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi pamalembedwa magetsi omwe chinthu chimadya, ndiponso pamakhala fyuzi. Magetsi athu ndi 230V. Ngati fyuzi ndi ya 1 ampere, chinthucho sichingadye kuposa mawatsi 230, nde chitulutsa bwanji 3000? Pulagi yathu ya mano atatu ija fyuzi yake yaikulu ndi 13 ampere, ukachulukitsa ndi 230 upeza 2990. Kunena kuti amp ya 3000 yeniyeni ingamadye magetsi kuposa ketulo yowiritsira madzi. Kabokosi koti unganyamule ndi dzanja limodzi, kotchipa kuposa amp ya kaunjika, sizoona zimenezo.

Chikondi Besi: Kumbuyo sindinaone madala, koma pakatoni panalembedwa 3000W PMPO

Mmisiri Dedza: Basi yadziulula yokha. PMPO ndi nambala ya amalonda, alibe muyezo umodzi, aliyense amalemba yomwe wafuna. Nambala yofunsa ndi RMS, mphamvu yomwe amp imatha kutulutsa mosalekeza nyimbo yonse osati kwa kamphindi ngati mphezi. Ndatsegulapo mabokosi ambiri olembedwa masauzande, mkati umapeza ka IC kofanana ndi ka wailesi ya m'galimoto.

Mayi a Tamanda: Zikomo bambo. Ine ndine msungichuma wa kwayayi ndipo za ma RMS sindizidziwa, koma mawa pa komiti andifunsa kuti bwanji mwasiya 3000 nkutenga 100 pa mtengo wokwera. Ndikawayankha chani anthu amene anakumba mbatata ndi manja awo?

Aphunzitsi Bembeke: Amayi, mukawauze chonchi. Thumba lolembedwa 50kg koma mkati muli chigoba chimodzi basi, ndi thumba lolembedwa 20kg lodzadza mpaka pakamwa, angatenge liti? Komanso ndiwonjezere kanthu kamene anthu ambiri sakadziwa. Khutu la munthu silimva mawatsi mmene timawerengera ndalama. Amp ya 200 siimveka kawiri kuposa ya 100, kusiyana kwake ndi 3 dB basi, umangomva kuti yakwerako pang'ono. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri pamafunika mawatsi ochuluka kakhumi, kuchoka pa 100 kufika pa 1000. Nde musamavutike kwambiri ndi kusiyana kwa 130 ndi 150. Chimene chimasintha zinthu msanga ndi sipika, kukula kwake, kuchuluka kwake ndi bokosi lomwe yakhalamo.

DJ Tsangano: Aphunzitsi ayamba Physical Science usiku uno, tulutsani makope

Aphunzitsi Bembeke: Lembani ndithu, mayeso ndi Lamlungu. Chingwe cha E pa besi chimanjenjemera ka 41 pa sekondi, ukakhala ndi besi ya zingwe 5 cha B chimatsika mpaka 31. Mawu otsika choncho amafuna kukankha mpweya wambiri, nchifukwa chake woyimba lead amatha kusokosa tchalitchi chonse ndi amp ya mawatsi 30 pamene wa besi ndi 30 yomweyo samveka madiramu akangoyamba.

Wa ku Joni: Ndalowa mochedwa ndinali kuntchito. Mng'ono wanga Chikondi, Rumble ija ndinakaiyesa ndekha m'shopu. aNgozo ndikupatseni ulemu wanu koma dziko linasuntha. Rumble 100 imalemera makilogalamu 10 okha, sipika ya mainchesi 12, ndinainyamula ndi zala ziwiri mpaka ndinaganiza kuti mwina mkati mulibe kanthu. Ili ndi mabatani atatu, Bright, Contour ndi Vintage, ukadina Vintage mawu amanenepa bwino ngati a m'malekodi akale, ukadina Contour ma mid amalowa pansi nkutsala kugunda ndi kuthwa kwa slap, kumenya zingwe ndi chala chachikulu kuja. Ilinso ndi overdrive ngakhale kutchalitchi sindikudziwa ngati abusa angailole kkk. Chachikulu kumbuyo ili ndi XLR, umatenga waya nkulowetsa mu mikisa, amp imakhala yoti uzidzimvera wekha pamene anthu akumvera pa masipika aakulu.

aNgozo: Masipika aakulu ati? Mesa mwanayu wanena kuti masipika awo ndi amene akusasa mawu? Ukabwezanso besi komweko wapindula chani?

Nabanda Keys: Apa madala anena zoona. Masipika athu ndi awiri a 12, ma sub, masipika a mawu apansi aja, tilibe

Wa ku Joni: Chabwino pamenepo ndagonja. Koma mkati mwa tchalitchi 100 imakwana

aNgozo: Mkati inde. Nanga pa maliro? Nanga pa msonkhano wapabwalo, mphepo ya Lizulu ikuomba mu June, anthu 500 akuyimba ndi kuvina? Panja palibe khoma lobweza mawu, besi imangothawira kumwamba. Pamenepo sipika ya mainchesi 15 ya Peavey ija imaoneka ukulu wake.

Chikondi Besi: Madala tandifotokozereni, 115 imeneyi ndi mawatsi?

Mmisiri Dedza: Ayi. 115 ndi kunena kuti sipika 1 ya mainchesi 15. Momwemonso 210 ndi masipika 2 a mainchesi 10, 410 ndi anayi, 810 ndi asanu ndi atatu. Pa TNT zina zakale kwambiri ndi pomwe nambala inali ya mawatsi, monga TNT 130 ndi TNT 150. Yomwe wapezayo ukaone kumbuyo chifukwa dzina limeneli akhala akuligwiritsa ntchito zaka zambiri ndipo mphamvu zimasiyana. Chimene ine ndimaikondera Peavey yakale ndi ziwiri. Ili ndi DDT, kanzeru kamene kamagwira mawu ukakweza mopitirira kuti sipika isang'ambike, zothandiza kwambiri pakwaya pamene aliyense wodutsa amapotokola voliyumu. Chachiwiri ndikaitsegula ndimaona chilichonse ndi maso, ma transistor aakulu, ma capacitor, transifoma, ndipo zambiri ndimazipeza ku Lilongwe tsiku lomwelo. Kampaniyi anaiyambitsa Hartley Peavey mu 1965 ku Meridian, Mississippi, ndipo kutchuka kwake kunali komweko, katundu wolimba wa oyimba opanda ndalama zambiri.

Wa ku Joni: Nanga Rumble simungaikonze?

Mmisiri Dedza: Sindikunena Rumble yokha, ndikunena ma amp onse opepuka a masiku ano, kaya Markbass, kaya TC Electronic, kaya Peavey yomweyo zatsopano zake. Amatchedwa class D. Kupepuka kwake nkoti anachotsa chitransifoma cholemera chija nkuikamo magetsi onga a chaja ya laputopu. Saotcha kwambiri, sadya magetsi ambiri, mawu ndi abwino, pamenepo sinditsutsa. Koma bolodi yake tizipangizo take ndi tating'ono ngati nthangala za mpiru, ikapsa nthawi zambiri umangosintha bolodi yonse, ndipo bolodiyo uitanitse kunja, udikire, ulipire ndi ndalama yakunja. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 aliyense akudziwa mmene zoitanitsa zikuwawira.

Gift Slap: Mwaiwala Hartke abale. Ine ndimagunda pa mutu wa HA3500, amp yopanda sipika, ndi bokosi la 410 la masipika a aluminiyamu aja, chala chilichonse chimamveka pachokha, slap imatuluka ngati ukuswa nsungwi. Mutu umenewu uli ndi ma preamp awiri, wa tube ndi wa transistor, umasakaniza mmene ukufunira, kuphatikiza EQ ya timizere 10. Mawatsi 350 pa 4 ohm. Sungura ukamayenda chothamanga pamwamba pa khosi la gitala palibe yoposa imeneyi. Jaco Pastorius amene, katswiri wa besi wa ku America uja, anali mmodzi mwa oyamba kugwiritsa ntchito bokosi la Larry Hartke, si masewera

aNgozo: Hartke imalira ngati beseni. Besi iyenera kumveka pamtima osati m'mano.

Gift Slap: Kkkkk madala inu nthawi yanu besi inali du du du basi

aNgozo: Du du du yemweyo anthu ankavina mpaka nsapato kuduka. Pita ukamvere reggae ya ku Chileka kapena nyimbo za ku Balaka, undiuze ngati besi yake ikuswa nsungwi.

Nabanda Keys: Apa nde pagona nkhani. Chikondi samenya slap, ndimayimba naye sabata iliyonse. Nyimbo zathu ndi za kwaya, pena reggae, pena manganje, pena kabeat ka chingoni. Akufuna mawu onenepa okhala pansi pa oyimba, osati opikisana ndi soprano

Gift Slap: Komatu Hartke anatulutsanso HyDrive, sipika theka pepala theka aluminiyamu, kuti kuthwa kuchepe. HD150 ndi 15 imodzi, imanenepa bwinobwino. Musamaiweruze ndi zakale zokha

Chikondi Besi: Achimwene a Gift, wina ku Balaka akugulitsa mutu wa Hartke wokhawokha opanda bokosi. Ndingalumikize ku masipika athu a tchalitchi aja?

Mmisiri Dedza: Apa khala pansi umve bwino chifukwa ma amp ambiri amene amabwera pabenchi panga amafera pamenepa. Sipika iliyonse ili ndi ma ohm, muyezo wa mmene imakanira magetsi, kawirikawiri 8 kapena 4. Ukalumikiza mabokosi awiri a 8 kumbuyo kwa mutu umodzi zimakhala 4. Awiri a 4 zimakhala 2. Amp yolembedwa kuti minimum 4 ohm ukaipatsa 2 ili ngati ng'ombe imodzi pangolo ya matumba 30, ikoka pang'ono kenako igwa. Anyamata a disco amakonda kulumikiza sipika pa sipika mpaka asanu, kenako nkumati amp inali yabodza. Ndiponso mawatsi olembedwa kutsogolo nthawi zambiri ndi a pa 4 ohm. Chitsanzo Rumble 500 payokha imatulutsa 350, imafika 500 ukaiwonjezera bokosi lina la 8. Rumble 200 payokha ndi 140. Si chinyengo, amalemba m'buku lake, koma anthu sitiwerenga. Za masipika a tchalitchiwo iwalako, ndi a mawu a anthu, uwamaliza.

Wa ku Joni: Ndipo ndinene chilungamo, Rumble 100 ilibe potulutsira sipika yowonjezera, zimenezo zimayambira pa 200. Nde ikachepa yachepa basi

Mayi a Tamanda: Nanga 200 yo bwanji osatumiza imeneyo bambo a Yankho?

Wa ku Joni: Mtengo mayi. Ndalama mwanenayo pa 100 pomwe ndikuwonjezerapo yanga, nde pali ya basi, pali msonkho pa boda kaya adzera Mwanza kaya Dedza. 200 ili ndi sipika ya 15 ndipo ikanathetsa mkangano wonsewu koma thumba silikulola

DJ Tsangano: Gulani Ampeg SVT nkhani ithe

aNgozo: Iwe ukuseka koma watchula mfumu. Ndinaigundapo kamodzi kokha m'moyo mwanga, gulu lina lakunja linabwera nayo ku Blantyre ife tinali otsegulira. Mwana wanga, sindinakweze nkomwe, koma buluku limachita kugwedezeka m'miyendo. Mawu ake ali ndi kakubangula kena pakati, osati matope, osati beseni, ukakanda pang'ono imanong'ona ukakumba imalusa. Usiku umenewo sindinagone.

Aphunzitsi Bembeke: SVT inatuluka mu 1969, mawatsi 300 a ma tube, ndipo bokosi lake la 810 azungu amalitcha firiji chifukwa cha msinkhu. Mutu wokhawo ndi pafupifupi makilogalamu 40. Isanabwere imeneyo Ampeg inatchuka ndi B-15 ya 1960, ya mutu wobisika m'bokosi womwe umautembenuza pofuna kuyimba, ndi imene inkamveka m'ma studio ambiri a ku America. Dzinalo linachokera ku amplified peg, kamwendo ka besi yaikulu yoimika ija komwe anaikamo maiki. Panopa kampaniyi ili m'manja mwa Yamaha kuyambira 2018.

Mmisiri Dedza: Ndipo muli ma tube aakulu 6 amene amatha ngati mababu, posintha umasintha onse. Kuika pa jenereta ya kumudzi ndi kuitaya. Ampeg ya anthu ngati ife ndi BA-115 ya kaunjika kapena Rocket Bass zatsopanozi, kakubangula kaja kamamvekako ndithu ngakhale mulibe ma tube. Ikapezeka BA-115 yabwino pa mtengo wa TNT ine ndingaime pakati osadziwa kolowera.

Gift Slap: Markbass bwa? Yachikasu ija. Richard Bona, katswiri wa besi wa ku Cameroon, amagunda imeneyo

Wa ku Joni: Ya ku Italy imeneyo, Little Mark mutu wake umalowa m'chikwama cha laputopu. Mawu oyera, zomwe zala zako zachita ndi zomwe zimatuluka, ukalakwitsa sikubisira. Koma mtengo wake kuno ndikaona ndimangopitirira ngati sindinaone. Kwaya ilime kachewere zaka zitatu

Nabanda Keys: Behringer palibe waitchula, mesa ndi imene yadzadza m'matchalitchi?

Mmisiri Dedza: Yadzadza chifukwa cha mtengo, ndipo ine sindinyoza. Uli Behringer anayamba mu 1989 ku Germany ndi cholinga chomwecho chotsitsa mitengo, pano TC Electronic ndi Bugera zili m'banja lomwelo. Ultrabass imagwira ntchito, mipingo yambiri yayimbira zaka. Kungoti nambala ya mawatsi muziwerenga modekha, muone ngati akunena peak kapena RMS. Laney Richter ya ku England nayonso imapezeka ya kaunjika, ndi yabwino pa mtengo wake ndipo magetsi ake ndi ofanana ndi athu, pulagi yomweyo.

Aphunzitsi Bembeke: Pa magetsi pomwepo ndiulule tchimo langa. Mlamu wanga ananditumizira ka amp kuchokera ku America, ine chimwemwe, kudula pulagi yake nkuikapo yathu, kulowetsa pakhoma. Kunamveka phu, kautsi, fungo la tsitsi lopsa, basi maliro. Kumeneko magetsi ndi 120V. Mphunzitsi wa sayansi ine, kumbuyo kunalembedwa bwinobwino.

DJ Tsangano: Kkkkkkk aphunzitsi analephera practical

Wa ku Joni: Za kuno ndi 230 ngati kwathu, pulagi yokha ndi ya mano ozungulira. Chingwe chake ndi chochotseka ngati cha ketulo, mungosintha

Mayi a Tamanda: Ine funso langa ndi la kanyamulidwe. Kwaya yathu imayenda, mwezi uno Mlangeni, mwezi wamawa Biriwiri, pena kutsika mpaka Kasinje. Galimoto tilibe, ndi minibasi ndi kabaza. Chimene akuchitcha bulucho chimalemera bwanji?

Gift Slap: Amayi chimaposa makilogalamu 30. Kondakita akachiona amati mulipire mpando

aNgozo: Anyamata a tenor ndi bass ali 12 m'kwayamo, ntchito yawo nchiyani? Thumba la feteleza amanyamula okha kukwera nalo phiri, amp iwakanike?

Nabanda Keys: Madala simukuwadziwa anyamata athu. Nthawi yonyamula zida aliyense foni imamuitana

Chikondi Besi: Kkkk zoona zimenezo, mapeto ake ndimatsala ine ndi wa madiramu

Mmisiri Dedza: Matayala anayi a pansi pa bokosi ndimamangira ine, nkhani yaing'ono. Koma kabaza wa njinga yamoto ayi, m'mabampu ma solder amathothoka. Ndipo kaya mutenga iti, siyani ndalama ya stabilizer kapena ka fridge guard. Magetsi akazima zimitsani amp pompo, akabwera dikirani kaye. Pa jenereta muziyamba kuliza jenereta, ikhazikike, amp pomaliza, pozimitsa muyambe amp. Tijenereta tating'ono tothira petulo wosakaniza ndi oyilo tija timakwera ndi kutsika ngati mtima wa mbava, ta class D timadana nato kwambiri.

Aphunzitsi Bembeke: Kanthu kena kaulere. Amp ikhale pansi pa simenti pafupi ndi khoma, besi imawonjezekera yokha, pakona nde kwambiri. Mukaikweza pampando pakati pa guwa mwataya theka. Ndipo tchalitchi cha malata opanda siling'i musakweze batani la Bass mpaka kumapeto, mungomva denga likunthunthumira koma manoti osamveka. Kwezani low mid pang'ono, ndi pamene khutu limagwira nyimbo.

aNgozo: Ndipo Nabanda achotse dzanja lamanzere pa kiyibodi. Theka la matope a m'makwaya ndi a kiyibodi amene amagunda besi yawoyawo pamwamba pa wa besi.

Nabanda Keys: Iiii madala mwandilasa pagulu. Ndinazolowera nthawi imene tinalibe wa besi

Chikondi Besi: Ine sindinanene kanthu chemwali kkkk

DJ Tsangano: Funso lenileni tsopano, amp ya lead ili kale kutchalitchi bwanji osangolowetsamo besi?

Mmisiri Dedza: Sipika ya lead pepala lake ndi lopyapyala ndipo bokosi ndi lotsegula kumbuyo, siinapangidwe kuti iziyenda mtunda wautali kutsogolo ndi kumbuyo. Pang'onopang'ono kunyumba zitheka, ndi madiramu koyilo ipsa.

Aphunzitsi Bembeke: Chodabwitsa nchoti mbali inayo zimatheka. Fender atatulutsa Precision Bass mu 1951 anapanga Bassman mu 1952 kuti ikhale ya besi, koma amene anadzaikonda ndi a lead, mpaka Marshall yoyamba ya 1962 anatengera mkati mwa Bassman yemweyo.

Mayi a Tamanda: Chabwino abambo, ndamva. Ya 3000 yagwa. Zatsala ziwiri ndipo ndalama sinditulutsa chinthu chisanayesedwe. Loweruka Chikondi apite ku boma, aNgozo muli konko mutithandize, a Mmisiri transport yanu kuchoka ku Dedza tilipira ife.

Mmisiri Dedza: Ndibwera. Chikondi utenge besi yako ndi waya wako, osayesera gitala ya mwini wake. Tikaisiya yoyaka mphindi 30 chifukwa matenda ena amaoneka ikatentha. Tikapotokola batani lililonse kumva ngati likukhwekhwereza, tikagunda E yosagwira mwamphamvu kumva ngati koyilo ikukhuza, ndipo ndikatsegula sefa yakutsogolo ndione sipika ndi maso anga.

Wa ku Joni: Ine ndidikira, m'shopu sizikutha

Chikondi Besi: Moni nonse, tabwerako ku boma. Amp ikuyaka bwino, yakhala ola lathunthu osazima osanunkha. Mabatani awiri amakhwekhwereza, a Mmisiri anapopera mankhwala nkusiya. Koma atatsegula kutsogolo anapeza kuti sipika si yake, ndi ya disco wamba, mwini wake akuti yeniyeni inang'ambika kalekale paukwati nde anangoikamo imene inalipo. Sanabise, kungoti sitinamufunse poyamba.

aNgozo: Ndinamva ndisanaone. Nditangogunda ndinati iyi si TNT imene ndimaidziwa, pansi palibe, ikungoti pwa pwa. Mtima unandiwawa ngati ndakumana ndi mnzanga wakale atadwala.

Gift Slap: Nde bulu wathyoka mwendo kkkk. Rumble yawina

Mmisiri Dedza: Dikira kaye. Amp yake ndi yamoyo, bokosi ndi louma lopanda chiswe. Ndili ndi Black Widow ya 15 pashopu yomwe magineti ake ndi abwino, ndipo ubwino wa Black Widow ndi woti mbali ya pepala ndi koyilo imamasulidwa ndi mabawuti nkuikapo ina osataya magineti. Ndaiyeza, ma ohm akugwirizana. Mwini amp watsitsa mtengo titamuonetsa sipika ija. Ndawerengera amayi zonse, amp, sipika, matayala, stabilizer ndi ntchito yanga, zikukwana ndipo pakutsala ya zingwe zatsopano, zomwe Chikondi ali nazo zachita dzimbiri ngati waya wa khola la nkhumba.

Chikondi Besi: Zingwezo ndimaziwiritsa m'madzi miyezi itatu iliyonse madala, zimabwerera

Mmisiri Dedza: Waziwiritsa mokwanira, zapsa, pakula

Wa ku Joni: Kkkk chabwino tengani buluyo. Ine ndalama ndimafuna kuwonjezera ija ndisunga, ndikamabwera pa Khirisimasi ndidzanyamula Rumble 40 yanga pamanja, izidzayenda maulendo a kabaza ndi mapulakatisi. Ili ndi XLR nayonso. Peavey izikhala kutchalitchi ndi kupita pabwalo basi

Mayi a Tamanda: Komiti yavomera madzulo ano, ngakhale bambo ena akadali kudandaula za 3000 ija, akuti tagula 15 m'malo mwa 3000. A Mmisiri mulembe risiti ya chilichonse padera, sipika payokha, matayala paokha. Ya mwini amp asainire ndi mboni.

Mmisiri Dedza: Lachinayi ikhala itatha. Ndiikweza minibasi ya m'mawa, wina adikire pa siteji ya Lizulu ndi wilibala chifukwa matayala aja pa msewu wafumbi wopita kutchalitchi kwanu sagwira ntchito.

Nabanda Keys: Anyamata a tenor mwaona uthengawu, ndikuona ma tick a buluu. Lachinayi 9 koloko

DJ Tsangano: Ine Lachinayi ndili ndi maliro

Nabanda Keys: Iwe suli mu kwaya yathu nkomwe

aNgozo: Chikondi, Lamlungu ndikwera minibasi ndidzakhale kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi. Batani la gain usalipitirize pakati, kagetsi ka DDT kakamayaka nthawi zonse ubweze pang'ono. Nyimbo yoyamba undipatse ndigundeko ine.

Chikondi Besi: Zikomo Ngozo, besi mudzaipeza yotchuna kale. Wilibala ndabwereka kwa a Phiri ogulitsa kabichi, akuti ibwerere isanakwane 11.